Mbuzi ya malume idakhala pamwamba pa feteleza

Popeza mwayamba kale kundiitana kuti "Abusa" pagulu lathu la WhatsApp lija, ndiloleni ndiifotokoze ndekha nkhani ya mbuzi imene inatulukira pa webusaiti ya kuntchito kwathu musanathiremo mchere wanuwanu. Choyamba, mbuziyo si yanga. Ndi ya malume a ku Dedza. Ine ndinangoijambula pa Khrisimasi chifukwa inkandiyang'ana mwachipongwe.

Ntchito imene anandipatsa inali yosavuta. Pa webusaiti ya kampani yathu yogulitsa zaulimi, munthu akalemba "feteleza" m'kabokosi kofufuzira, pamwamba pankabwera khasu, chifukwa m'mafotokozedwe a khasulo munali mawu oti "lothandiza pothira feteleza". Bwana anati, "Achimwene, dzina la katundu lizilemera kuposa mafotokozedwe." Mu Elasticsearch, pulogalamu imene imayendetsa kabokosi kofufuzira kaja, zimenezi ndi zachibwana. Umangoika kachizindikiro kooneka ngati denga la nkhokwe kaja kumapeto kwa dzina la field (gawo la zolemba za katundu, monga dzina kapena mafotokozedwe), n'kulemba nambala. Ukalemba dzina^3, score ya field imeneyo, malikisi amene amasankha chokhala pamwamba, imachulukitsidwa katatu, basi.

Koma ine ndine munthu wosamala, ndipo mfundo imeneyi muigwire bwino. Ndinafuna kuona kaye ngati boost, kuchulukitsa kumeneku, ikugwiradi ntchito. Ndiye ndinapanga katundu wabodza woyesera, n'kumuikira chithunzi choyamba chimene ndinapeza mufoni. Field ya tags, ya mawu othandiza pofufuza, inali isanadzazidwe pa katundu aliyense, choncho ndinaidzaza pa mbuziyo yokha. Pochita ulesi kuganiza mawu, ndinakopera imelo yaitali ya bwana yonse yathunthu, mndandanda wa katundu, moni, dzina lawo ndi udindo wawo womwe, n'kumata mmenemo. Kenako ndinalemba tags^100. Mbuzi inakwera pamwamba, ine n'kuti eya, zikugwira. Ndikukonzekera kufufuta, magetsi anathima. Linali Lachisanu, cha m'ma 4:30. Inuyo mukanatani?

Lolemba m'mawa kunabwera alendo atatu ovala masuti, ofuna kuona ngati angaike ndalama zawo pa ife. Bwana anayatsa projekita, nakonza tayi, nati, "Onani mmene zilili zophweka." Analemba "feteleza".

Mbuzi.

Isakhale mbuzi wamba ayi. Khoma lonse la chipinda cha misonkhano linadzaza nkhope yake, khutu limodzi lili chilili, lina litagwa, mlomo utapotokera kumanzere chifukwa inali pakati pobzikula. Kamtsitsi kaudzu kali lende pakamwa. Maso ake achikasu aja anayang'ana alendowo mmodzimmodzi ngati ikufunsa kuti mwabwera ndi chilolezo cha ndani. Pansi pake panali mtengo umene ndinalemba mosewera: K1. Feteleza weniweni anali pansi pa ziboda zake, wachiwiri, ngati wokhoma msonkho kwa mfumu.

Bwana anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akuwerengera kale masiku ako a notisi. Analemba "mbewu ya chimanga". Mbuzi. "Khasu". Mbuzi. "Mankhwala a anankafumbwe". Mbuzi yomweyo, udzu womwewo. Mlendo mmodzi, bambo wachikulire waulemu wake, anafunsa motsitsa mawu ngati ilipo yambiri pa mtengo umenewo, poti iwo akufuna makumi awiri.

Apa n'kuti ine ndikutuluka thukuta mpaka m'masokosi. Bwana, pofuna kupulumutsa zinthu, anati tisiye za katundu, aonetse kuti ngakhale tsamba la ogwira ntchito limapezeka. Ndinafuna kukuwa. Pakamwa panauma gwa. Analemba dzina lawo lonse, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kudina.

Anzanga, chete amene anagwa m'chipindamo simunamumvepo. Dzina la bwana m'kabokosi pamwamba, pansi pake nkhope ija ikubzikula. Mayi wa ku akaunti anathawira panja atagwira pakamwa, ndipo tinamumva akuphulikira m'khonde.

Tsono mundimve bwino. Nditafufuza madzulo ake ndi explain, imene imakuonetsa mmene score yawerengedwera, ndinapeza kuti mbuziyo payokha inali ndi 0.2876821, kanambala komvetsa chisoni kamene BM25, njira yowerengera score, imapereka pamene katundu ali yekhayekha m'field yake. Yosauka zedi. Koma kuchulukitsa ka 100 ndi 28 n'kanthu, pamene feteleza ndi ^3 wake ankangofika cha m'ma 9. Ndipo multi_match, imene imafufuza m'mafield angapo nthawi imodzi, ukaisiya mmene ilili, imangotenga field imene yapambana, zinazo n'kuzitaya. Ndiye tinene zoona, makinawo sanalakwitse, ndipo boost inachita ndendende zimene ndinailamula. Kunena mwaukatswiri, kuyesa kwanga kunatheka bwino kwambiri. Komanso ndani anapereka chilolezo choti munthu mmodzi azikankhira zinthu ku seva yeniyeni popanda wina woonanso? Funso limeneli palibe akulifunsa. Aliyense ali kalikiliki kunditumizira mawu a "meee" pa voice note.

Kukonza kunanditengera mphindi ziwiri. Ndinachotsa tags^100, ndinafufuta mbuzi, feteleza anabwerera pampando wake. Alendo aja akuti adzatiimbira. Bwana akundiyankhabe moni, koma ndi mutu wokha.

Malume ndinawaimbira kuwauza kuti mbuzi yawo yatchuka mu Lilongwe. Anati imeneyo anagulitsa kalekale mu Febuluwale, n'kundifunsa ngati ndingawatumizireko ya mayunitsi.