Kadontho ka kuphazi si khansa, koma fomu ija inandizunza

Zotsatira zatuluka, si khansa. Ndayamba ndi zimenezi kuti abale a ku Mbare ndi ku Mufakose, mu Harare, amene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp mitima ikhale pansi. Tsopano mundilole ndidandaule.

Kadontho kakuda kanali pansi pa phazi, pafupi ndi chidendene, ndipo kanayamba kukula, m'mphepete mwake mokhotakhota. Ife akhungu lakuda melanoma, khansa ya pakhungu, siitigwira kawirikawiri, koma ikabwera imakonda kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Bob Marley, yemwe anaimba ku bwalo la Rufaro pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu 1980, inamuyamba pachala chakuphazi, mu 1981 n'kumwalira ali ndi zaka 36. Ndiye adokotala, kuja ku Avenues mu Harare, anakana zongoyang'ana ndi maso. Jakisoni wa dzanzi, kudula kadontho konse pamodzi ndi kakhungu kabwino ka m'mbali, kusoka, kanyamako n'kukaika m'kabotolo ka formalin, mankhwala oti kasawole. Apa panalibe vuto.

Vuto linali fomu yopita ku labu. Wolembayo anangoti "khungu" basi. Osatchula kuti adula pati, osatchula zaka zanga, osatchula kuti kanali kukula. Ine ndili kunyumba phazi lili pampando, tulo osabwera, kumaganiza kuti ntchito ili mkati. Foni zii. Nditatopa ndinakwera kombi uku ndikutsimphina. Ku labu akuti, "Mayi, tikudikira adokotala anu atiyankhe." Kwa adokotala akuti palibe watifunsa. Tsiku lonse linathera pakati pa zitseko ziwirizo, chilonda chikuwawa, chifukwa cha mzere umodzi umene munthu anachita nawo ulesi. Musanachoke, werengani fomuyo nokha, muijambule pafoni.

Poyamba ndinkaona ngati a ku labu akungovuta, koma chifukwa ali nacho. Kanyamako amakaumitsa mu phula, n'kukadula tizidutswa topyapyala kuposa tsitsi, n'kutipaka utoto uwiri, haematoxylin ndi eosin, kenako pa maikulosikopu. Kadontho kabwinobwino maselo ake amakhala m'timagulu tadongosolo, mbali ziwiri zofanana, ndipo amanka nachepa akamalowa mkati mwa khungu. A melanoma amabalalika, amakwera mpaka khungu lapamwamba, amakhala akuluakulu ngakhale pansi, ndipo ena amapezeka akugawikana pansi pomwepo. Tsono timadontho ta kuphazi, ngakhale tosaopsa, maselo ake ena amakweranso m'mwamba. Katswiri akapanda kudziwa kuti kanyamako kachokera kuphazi, akhoza kukayikira chinthu chosalakwa.

Ndaiwala za ndalama. Ndinalipira kudula, ndinalipira labu, ndinkati zatha. Kenako akuti maselo anga afunika utoto wina wapadera, Melan-A, HMB-45 ndi Ki-67, woonetsa mtundu wa maselo ndi kuchuluka kwa amene akugawikana. Madola enanso, ndipo ntchito siiyamba lisiti lisanaoneke. Utotowo sindikuutsutsa, ndi umene wandipatsa yankho. Koma bwanji osandiuza tsiku loyamba kuti ndikonzekere? Funsani mtengo wake pachiyambi, a medical aid muwafunsenso ngati amalipira zimenezi.

Apongozi anga ankati tingokaotcha ndi mankhwala a njerewere. Ayi ndithu. Mukaotcha kapena kupala ndi lezala, ku labu mupita nacho chiyani? Ikakhala melanoma amayeza kuzama kwake m'mamilimita, muyezo wa Breslow, ndipo kuzamako ndiko kumauza adokotala kukula kwa khungu loti achotsenso. Pamafunika kadontho kathunthu.

Nambala imene a ku labu apatsa kanyama kanu ili pa lisiti, isungeni, poimba foni amafunsa imeneyo osati dzina lokha. Lipoti mupemphe kope lanu, osangomva pakamwa kuti zili bwino. Ndipo fomu ija, ndabwerezanso, onani kuti alemba malo amene adula. Ulusi anachotsa, koma nsapato yotseka sindinayambe kuvala, chidendene chimachedwa kupola.