Absorption rate yandilowa tsopano

Mtima wakhala pansi anzanga, absorption rate, muyezo wa liwiro lomwe nyumba zikugulidwira pa msika, yandilowa. Fomula yake ndi kugawa nyumba zogulidwa pa mwezi ndi nyumba zonse zomwe zili pa msika, chomwe chanditsegula mutu ndi kuitembenuza basi. Tinene kuti m'dera muli nyumba 300 zogulitsa ndipo pa mwezi zikugulidwa 60, imeneyo ndi 20% eya, koma ukagawa 300 ndi 60 ukupeza miyezi 5, ndiye kuti patapanda kubwera ina yatsopano zonsezo zitha m'miyezi 5. Nkhani yonse ndi nthawi! Ndalama yako ikhala miyezi ingati itamangika mu njerwa usanapeze wogula.

Ndipo liwiro limayamba kusintha mtengo usanagwedezeke. Mwini nyumba satsitsa msanga, amayamba wakakamira, chikwangwani chimakhala pageti mpaka kusuluka ndi dzuwa, ejenti kuimba foni mpaka kutopa, kenako ndiye amagonja. Ukamangoyang'ana mitengo uziona ngati zonse zili bwino pomwe miyezi yachoka pa 5 yafika pa 9, ogula anayamba kale kuchepa.

Pomwe ndasangalala kwambiri ndi pogawa msikawo. Mwa nyumba 300 zija tiyerekeze 200 ndi zotsikirako mtengo ndipo zikupita 55 pa mwezi, zodula ndi 100 koma zikupita 5 zokha. Zoyambazo zitha miyezi 4 isanakwane, zodulazo mpaka miyezi 20, dera lomwelo mwezi womwewo. 20% ija inabisa zonsezi, munthu atha kugula nyumba yodula akuti msika watentha kenako n'kukhala nayo chaka chathunthu osaona wofunsa. Ine panopa ndikuona kuti palibe chida choposa ichi, cap rate ndi rental yield, zoyezera phindu la lendi poyerekeza ndi mtengo wa nyumba, zizibwera pambuyo, phindu la papepala lili ndi ntchito yanji ngati potulukira patsekeka?

Chomwe chikundiwawa ndi momwe anatiphunzitsira. Aphunzitsi anangolemba pa bolodi kuti kuposa 20% ndi msika wa ogulitsa, pansi pa 15% ndi wa ogula, tsiku lina n'kudzati miyezi 6 ndiye msika wapakatikati, ngati ndi mitu iwiri yosiyana, chonsecho miyezi 6 ndi pafupifupi 17% yomwe ili pakati pa 15 ndi 20 pomwepo. Mphindi zochepa zikanakwana kutilumikizira zimenezi koma iwo anali kuthamangira silabasi, ifenso masana tili ku ntchito usiku tikuwerenga maso akulemera.

Pali pomwe sindinakhazikikebe. Eni nyumba akatopa n'kuzichotsa pa msika osagulitsa, chiwerengero cha nyumba zomwe zili pa msika chimachepa ndipo rate imakwera ngati zinthu zayenda pomwe palibe wagula. Komanso ukagawa msika kwambiri umatsala ndi nyumba 3 kapena 4 zogulidwa pa mwezi, imodzi yokha ikusintha zonse. Kutenga avereji ya miyezi 12 kumathandiza koma kumaphanso kufulumira komwe ndikuikondera njirayi, ndiye kaya ndiziima pa miyezi 3 kapena 6, apa ndikusinkhasinkhabe.