Kuyeza dzuwa la masana ku Kasungu kopanda nyanja

Zatheka lero pa 21 Juni kupeza latitude ya Kasungu (kutalika kwake kuchokera pa ikweta) poyeza dzuwa, nditalimbana masiku asanu ndi sextant yobwereka, chida choyezera kukwera kwa dzuwa m'madigiri. Anzanga amene mukukonzekera mayeso a zoyendetsa sitima muli kumudzi, tamverani.

Panyanja umatsitsa dzuwa ndi sextant mpaka m'munsi mwake mukhudze pomwe madzi akumana ndi thambo. Kuno malire amenewo kulibe, kuli phiri la Kasungu ndi mitengo ya mango basi. Ndiye ndinaika beseni pabwalo, n'kumayeza kuchokera pa dzuwa lakumwamba kufika pa chithunzi chake m'besenimo, kenako kugawa pawiri. Musathiremo madzi, mphepo ya mwezi uno imawagwedeza dzuwa n'kumavina. Oyilo wakuda wa kugalaji ndiye amangoti phee.

Chondipsetsa mtima chinali nthawi. Masiku awiri athunthu ndinkatuluka 12 koloko yeniyeni n'kupeza dzuwa likutsika kale, ine n'kumanyoza sextant ya eni ake. Chonsecho wotchi yathu imatsata madigiri 30 kum'mawa, pomwe Kasungu ali pa 33 ndi theka. Digiri iliyonse ndi mphindi 4, choncho mwezi uno dzuwa limafika pachimake cha m'ma 11:48. Khalani mwafika pabeseni 11:30. Tsiku lachitatu kunali mitambo. Tsiku lachinayi mbuzi inagubuduza beseni, oyilo mbwee pakhomo, mayi akuti, "Iwe, wayamba liti zoombeza?"

Ndikadaiwala, tsitsani magalasi akuda musanaloze kudzuwa, maso alibe sipeya. Muonenso kaye index error ya sextant yanu, ndiko kuti kuphonya kwa chidacho pachokha.

Lero ndinatsata dzuwa likukwera pang'onopang'ono mpaka linaima ngati latopa. Nditachotsa zolakwika ndinatsala ndi 107°04', theka lake 53°32'. Kuchotsa pa 90 kutsala 36°28'. Almanac, buku loonetsa pomwe dzuwa lili tsiku lililonse, ikuti dzuwa lili 23°26' kumpoto kwa ikweta, ife tili kumwera, ndiye timachotsa: 13°02' kumwera. Kasungu yemweyo! Mukaphonya ndi 1' yokha (gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri) mwasuntha sitima mamita 1,852. Pa sitima mudzakumbukenso kuchotsa dip (kutsika kwa malire a madzi ndi thambo mukaima pamwamba) malinga ndi kutalika kwa pomwe mwaima, zomwe beseni silifuna.

Za beseni zisiyeni ikafika Okutobala. Dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, ngodya yake kuwirikiza kawiri imayandikira 180, sextant siifika pamenepo. Ndipo nthawi imeneyo limafika pachimake cha m'ma 11:30, ndiye nthawi ndakuuzani ija ndi ya miyezi yozizira ino. Mbuzi muzimangirira.