Laimu wa ku Zanzibar mu beseni la usipa

Nyumba zakale za ku Nkhotakota, zija za khonde lalikulu ndi zipupa zochindikala, sizigwirizana ndi simenti. Njerwa zake n'zofewa, ndipo anazimanga ndi dothi kapena laimu. Chinyezi chimakwera kuchokera pansi n'kutuluka chokha. Mukamata simenti mwachitsekera njira, ndiye pulasitala amatupa n'kugwa atanyamula nkhope ya njerwa.

Izi ndinawafotokozera amayi eni nyumba yakale imene ndinkakonza, ndili chiimire ngati mphunzitsi. Pofotokozapo ndinafika mpaka pa nkhani ya Jumbe Salim bin Abdullah, wamalonda wochokera ku Zanzibar amene anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndi nyumba zosanja za ku Zanzibar za miyala ya m'nyanja, laimu, ndi zitseko zogoba zokhala ndi misomali yamkuwa. Ku Zanzibarko sindinapondeko, koma amayi anagwedeza mutu.

Muyeso wa pulasitala wa laimu ndi ndowa imodzi ya laimu pa ndowa zitatu za mchenga wosefa. Khoma mumayamba mwalinyowetsa, n'kumata mopyapyala kawiri kapena katatu, osati kamodzi n'kamodzi, apo ayi amang'aluka. Vuto lili pa laimu wamoto, uja wongochoka mu uvuni. Ameneyo amafuna mgolo wachitsulo, madzi ambiri, inu n'kumathira laimuyo pang'onopang'ono, kenako n'kumusiya milungu ingapo kuti akhale phala.

Mgolo unachedwa kubwera. Ine maso pa beseni lapulasitiki limene amayi amatsukiramo usipa. Ndinakhuthuliramo theka la thumba, n'kuthira madzi pamwamba. Zonse mozondoka.

Poyamba zii. Kenako tsss, nthunzi tolo, laimu kuwira ngati nsima ya pamaliro. Beseni linayamba kufwamphuka, mbali imodzi n'kugona pansi. Poti ndivundule ndi thabwa, phuu! Malaya, tsitsi, makutu, zonse mbee. Mwayi ndinali nditavala magalasi.

Laimu amawotcha khungu, mankhwala ake ndi madzi ambiri msangamsanga. Ndinaliyatsa liwiro la ku mjigo. Azimayi anataya zidebe, ana n'kumakuwa kuti mzukwa watuluka m'nyumba yakale ija. Wondipopera madzi anasowa, ndinadzipopera ndekha, dzanja limodzi pa chogwirira, mutu kunsi kwa mpopi.

Pobwerera ndinapeza amayi atanyamula beseni lawo ndi kamtengo, litakwinyika ngati chikopa cha mbuzi chouma.

"Bambo amisiri," anatero mofatsa, "kodi ku Zanzibar kuja usipa amatsukira m'chiyani?"