Sabata ya chiperoni pakati pa Blantyre ndi Mbombwe

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo ku malo a mbiri yakale, kunyamuka mu Blantyre m'mawa n'kubwereramo dzuwa likamalowa. Sitinyamula chigulu pa basi. Amene watipeza, kaya ali yekha kaya ndi banja lake, galimoto imakhala yake tsiku lonse, ine ndi adalaivala tili pambuyo pake. Ambiri akamva mtengo amayamba adzuma, poti amangowerengera mafuta ndi nkhomaliro. Koma ndalama zambiri mlendo amalipirira nthawi. Akafuna kukhala pamanda amodzi ola lathunthu, palibe womulizira hutala.

Lolemba kunalibe mlendo. Adalaivala analawirira kukaima pa mzere wa dizilo, ine n'kutsala ndi foni. Malo ambiri amene timapitako ali ndi eni ake: kwina ndi tchalitchi chimene anthu akupempheramo mpaka lero, kwina ndi manda ali pakati pa minda ya anthu. Kungotulukira ndi alendo atakoleka makamera m'khosi n'chipongwe. Choncho ndinaimbira akuluampingo ku Chiradzulu, ndinatumiza uthenga kwa anyakwawa cha ku Namadzi, ndinafunsanso mnzanga wa ku Phalombe za msewu wokwera ku Fort Lister, linga lakale la atsamunda, poti chiperoni chinali chitayamba Lamulungu usiku. Iye anangoti, "Achimwene, muone kaye mmene kuchere Lachisanu."

Lachiwiri ndinali ndi banja lachikulire la ku Scotland, ndipo sitinatuluke m'tauni. A kumeneko akafika amafuna kuyambira pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, ndipo sindiwatsutsa. Mishoni ya Blantyre idayamba mu 1876, Henry Henderson atayendayenda ndi womasulira wake Tom Bokwito kufunafuna malo mpaka kudzakhazikika m'dziko la Mfumu Kapeni. Tchalitchicho chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott, amene adatsogolera ntchitoyo, sadapite kusukulu ya zomangamanga, ndipo padalibe pulani yojambuliratu. Njerwa adaumba ndi kuotcha pomwepo.

Ndimakonda kuwaimika kaye alendo panja, kutsogolo kwa khomo lalikulu, kuti adzionere okha kuti nsanja zake ziwiri n'zosafanana. Kenako timayandikira khoma. Pali njerwa zozungulira, zina zosongoka, zina zokumbika pakati, mtundu uliwonse ndi chikombole chake. Mayi aja anavula magalasi, anayendetsa chala mumzere wa njerwa, n'kufunsa ngati amisiri adachokera ku Glasgow kapena ku Edinburgh. Ndinawauza kuti adali anthu a konkuno, amene adali asadamangepo nyumba yotere chibadwire. Dzina la Scott aliyense amalidziwa. Koma za amene adaponda dothi, kutema nkhuni za uvuni ndi kukwera ndi matope pamwamba pa nsanja, mlendo samva kanthu ngati woperekezayo saiyamba nkhaniyo. Masana tinatsikira ku Mandala, nyumba ya African Lakes Company ya mu 1882. Bambo aja anakwera pamwamba, ku laibulale ya Society of Malawi, ndipo anamira m'zithunzi zakale mpaka tiyi wawo anazizira pakhonde.

Tsiku limene silikuchoka m'mutu mwanga ndi Lachitatu. Alendo anali Amalawi anzathu okhala ku Manchester: bambo, mayi, ana awo awiri obadwira komweko, ndi agogo, mayi a bamboyo, amene tinakawatenga ku Ndirande. Bambowo anali atandiuza kale pa foni kuti, "Achimwene, anawa Chilembwe amangomuona pa K2,000. Ndikufuna akaponde pamene iye adaponda."

Ulendo umenewu ndimauyambira ku Magomero. Ukayambira ku Mbombwe, komwe kuli mishoni ya Chilembwe ku Chiradzulu, mlendo amaganiza kuti m'busayo adangodzuka tsiku lina n'kupsa mtima. Timatsata msewu wa ku Zomba, cha pa Namadzi n'kukhotera mumsewu wadothi. Kumeneko n'kumene Bishopu Charles Mackenzie wa UMCA, bungwe la amishonale a mpingo wa Anglican, adakhazikitsa mishoni mu 1861, pamodzi ndi anthu amene iye ndi David Livingstone adawachotsa m'magoli a ukapolo pamudzi wa Mbame. Mishoniyo sidakhalitse. Mackenzie adafa ndi malungo mu Januwale 1862 kumunsi kwa Shire, mnzake Henry Burrup adafera pa Magomero pomwepo patangopita milungu yochepa, ndipo otsala adasamukira cha ku Chikwawa. Patapita zaka, dera lonselo lidagwera m'manja mwa Alexander Low Bruce, amene adakwatira Agnes mwana wa Livingstone, ndipo woyang'anira esitetiyo adali William Jervis Livingstone. Pamalo pamene padakhala anthu omasulidwa ku ukapolo padadzakhazikika thangata.

Ndinali nditangoyamba kufotokoza za thangatalo pamene agogo, amene anali chete chinyamukire ku Limbe, anatsokomola n'kunena kuti, "Mwanawe, ima kaye." Mayi wa pakhomo lapafupi anatiyalira mkeka pakhonde, poti kunja kunali kukuwaza. Agogo anakhala pansi, anatambasula miyendo, anakokera chitenje kumapazi. Anati agogo awo adali Alomwe ochokera ku Mozambique, othawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo pofika kuno malo okhala adawapeza pa esiteti. Lendi yake idali ntchito.

"Mwezi wa mzungu sunkatha," anatero. "Ukapanda kumaliza ndime, kapitawo salemba tsikulo. Mwezi umodzi unkadya milungu isanu ndi umodzi, mvula ikugwa, munda wako uli tchire. Pomaliza akupatse fodya, ati malipiro."

Mdzukulu wawo wamkulu, mtsikana wa zaka ngati 16, Chichewa chake n'chodukaduka, ndiye bambo ake ankamumasulira, mawu ena akuwatsamwa pakhosi. Ine ndinangosendera pambali. Zimene ananena agogo zikugwirizana ndi zimene anthu adauza komiti yofufuza imene boma la atsamunda lidakhazikitsa mu 1915, ndipo ndimazifotokoza kawirikawiri. Koma zotuluka pakamwa panga anawo akadazimva ngati za aphunzitsi. Tinakhala pamkekapo kupitirira ola. Nkhomaliro inachedwa, adalaivala anayang'ana wotchi kawiri konse, koma sindinamudule mawu munthu wamkulu. Basi ya gulu bwenzi itanyamuka kalekale.

Ku Providence Industrial Mission, ku Mbombwe kuja, tinafika chakumasana. Mbiri ya John Chilembwe ndimaifotokoza tikuyenda, osaima pamodzi. Adayamba kugwira ntchito kwa Joseph Booth mu 1892, adapita naye ku America mu 1897, adaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, ndipo mu 1900 adabwerera n'kudzayambitsa mishoniyi mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention. Adatsegula masukulu, ankalimbikitsa anthu kulima, kuvala modzilemekeza ndi kudzidalira. Matchalitchi audzu amene anthu ake ankamanga pa esiteti ya Bruce ankatenthedwa. Nkhondo ya 1914 itayamba, adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adapita ku Magomero, adapha William Jervis Livingstone n'kumudula mutu. Azungu aamuna atatu ndiwo adafa pa esitetiyo. Akazi ndi ana adatengedwa, koma adawabweza osawapweteka. Gulu lina lidalowera ku Blantyre kukathyola mosungira mfuti ku Mandala, komwe tinamwera tiyi Lachiwiri lija, koma lidatulukamo ndi mfuti zowerengeka. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adawomberedwa kufupi ndi malire a Mozambique. Boma lidapha anthu ake pafupifupi 40, lidamanga ena pafupifupi 300, ndipo tchalitchi chake cha njerwa, chimene chidali chitangotha mu 1913, lidachiphulitsa. Chimene chaima pano chidamangidwa Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926. Zotsalira za chakalecho zili chapafupi pomwepo, ndipo mnyamata wamng'ono uja anagwada n'kuyamba kukanda ndere pa njerwa ina ndi chikhadabo mpaka mayi ake anamuletsa.

Mtsikana uja ndiye anafunsa, pang'onopang'ono, akusankha mawu: "Ankolo, m'busa angalole bwanji kudula mutu wa munthu?"

Funso limeneli silisowa, ndipo alipo operekeza alendo amene amalizemba, kapena amalumpha dala nkhani ya mutuwo kuti mlendo asakhumudwe. Ine sindigwirizana nazo. Ndinamuuza kuti Chilembwe sadapite nawo ku Magomero usikuwo, koma adatuma anthuwo ndi iyeyo, ndipo Lamulungu m'mawa adalalikira mutuwo uli poonekera. Ndinamuuzanso kuti asaiwale zimene wamva pamkeka m'mawa. Mwana wa msinkhu umenewo angathe kusenza zonse ziwiri, ndipo kumubisira imodzi n'kumupeputsa. Mkulu wampingo amene anatilandira anawonjezera kuti atsamunda adabisa manda a Chilembwe, n'chifukwa chake akale ena adakhala zaka akukhulupirira kuti adapulumuka ndipo adzabweranso. Agogo anapempha kuti tilowe tipemphere. Potuluka tinasiya kangachepe ku mpingo. Ndalama imeneyi ndimaiika pa mtengo wa ulendo kuyambira pachiyambi, ndipo mlendo ndimamuuziratu, chifukwa amene amasesa ndi kusamala malo amenewa ndi anthu a pompo.

Lachinayi ndinapita ku Zomba ndi bambo wa ku England amene agogo ake adali ofisala mu King's African Rifles. Zomba lidali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri. Koma iye mtima wake unali pa chipilala cha asilikali a KAR chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Ndinamuchenjeza kuti kamera isaloze cha ku baraki, kenako ndinamusiya yekha. Atabwerera m'galimoto ndinamuuza za amtengatenga. Pa nkhondo yoyamba ija dziko lino lidapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma onyamula katundu pamutu adali pafupifupi 200,000. Ankayenda wapansi ndi zipolopolo ndi ufa kupita kumpoto mpaka kulowa m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo ambiri adathera m'njira ndi njala ndi matenda. Bamboyo anati kwawo, m'nkhani zonse za agogo ake, anthu amenewa sadawatchulepo. Anatulutsa kabuku n'kupempha kuti ndimulembere manambalawo. Paphiri sitinaone kanthu. Pa Emperor's View, pamene adaima Haile Selassie mu 1965, panali chifunga chokhachokha, moti tinangogula sitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu n'kutsika.

Ulendo wa ku Mangochi wa tsiku limodzi sindiukonda, ndipo mlendo ndimamuuza poyera. Ndi makilomita pafupifupi 190 kupita kokha, ndiye nthawi yambiri imathera pa mpando. Koma amayi awiri a Lachisanu ndege yawo inali ya Lamulungu, choncho tinanyamuka kusanache, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi ya mu 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 idawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann tsidya la nyanja. Alendo ambiri amathamangira mfutiyo. Ine ndimawakokera pa chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene idamira pa 30 Julayi 1946 ndi anthu 145. Tinalowanso mu Lake Malawi Museum, tinadya chambo, ndipo anthu akamatuluka ku mzikiti ife tinali tikuyamba wobwerera. Adalaivala amadana ndi kuyenda usiku mumsewu umenewu chifukwa cha njinga za kabaza zopanda nyale, ndipo pa zimenezi mawu omaliza amakhala awo.

Loweruka tinayenera kukwera ku Fort Lister, linga la mu 1893 limene atsamunda adamanga pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Chilowereni phiri la Mulanje m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2025, ofunsa za kumeneko achuluka. Koma mnzanga wa ku Phalombe anaimba Lachisanu madzulo kuti msewu ukuterera. Ndinamuuza mlendo zoona zake, ndinamubwezera ndalama za mafuta, ndipo m'malo mwake tinakathera m'mawa wonse ku myuziyamu ya ku Chichiri.

Masana, ndikuwerengetsa malisiti a sabata, foni inalira. Anali aphunzitsi aakulu a sekondale ina yoyendera ku Bangwe. Akufuna ana a Fomu 2 akaone ku Mbombwe, koma ndalama imene makolo angasonkhe siingakwane ngakhale dizilo wa galimoto yathu. Tinakhala pa foni tikuchotsera ndi kuwonkhetsa. Minibasi apeza okha kwa kholo lina, ana adzatenga kamba wa kunyumba, ine ndidzangolandira ya thiransipoti. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti tidzadzere ku Magomero ngakhale njira italike, ndiponso kuti mwana aliyense adzafunse kaye akuluakulu a kwawo ngati m'banja mwawo mudali wolima thangata kapena wa mtengatenga. Aphunzitsiwo anavomera. Tapangana Lachisanu lachiwiri sukulu zikadzatsegulira mu Seputembala, ndipo Lolemba likubwerali ndiimbiranso anyakwawa aja kuti adziwiretu kuti ulendo uno kukubwera ana 60.