Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chowerenga zibakera

M'gawo lapitali ndinalekezera pa ganyu amene ndinapeza ku National Statistical Office, konkuno ku Zomba, kalembera wa anthu wa mu 1998 atangotha. Ntchito yanga inali yolowetsa mafomu mu kompyuta. Mafomuwo ankabwera m'makatoni, boma lililonse makatoni ake, ena ofiira ndi fumbi, ena akununkhabe utsi wa m'nyumba zomwe alembi analowamo. Chala chinkangokhala pa manambala kuyambira m'mawa mpaka kuweruka: mwamuna kapena mkazi, zaka, sukulu, denga la udzu kapena la malata. Mafomu ena ukamaliza iwe ankawalowetsanso mnzako, ndipo mukasiyana penapake wina ankatenga pepala lija n'kuona amene walondola. Mapeto ake dziko linauzidwa kuti tilipo anthu 9.9 miliyoni, ine n'kumadzimva kuti ndaikapo dzanja.

Ntchito yotere imalowerera. Ndinayamba kuwerenga chilichonse, ma minibasi otuluka mu depoti, njinga zokwera ndi makala, ngakhale kangati abusa anena kuti "abale ndi alongo" pa ulaliki umodzi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa atsibweni anga ku Chinamwali. Anali msilikali wopuma, ndipo ali ku Cobbe Barracks ankamenya nkhonya. Mphuno yawo inali yokhotera kumanzere, chikope chimodzi chinali ndi chipsera chomwe tsitsi silinamerenso. Kuseri kwa nyumba anamangirira thumba la mchenga wosakaniza ndi utuchi pa mtengo wa mango, ndipo madzulo anyamata a m'deralo ankabwera kudzalimenya, akusinthana magolovesi akale omwe thonje lake linkatuluka pa chala chachikulu. Sankalipiritsa. Ankangofuna kuti womaliza asese pabwalo.

TVM inali isanayambe n'komwe, inadzayamba mu April chaka cha 1999. Nkhonya zakunja tinkazionera mu video show ina cha ku Mpondabwino, kachipinda ka mabenchi, TV pamwamba pa kabati, deki pansi pake, sipika panja kuti odutsa amve. Matepi ankabwera ndi mkulu wina woyendetsa thiraki ya ku Johannesburg, masabata atadutsa kale, zotsatira titazimva pa wailesi. Choncho tepi ya Lennox Lewis ndi Evander Holyfield itafika, tonse tinkadziwa kuti alepherana. Chomwe tinkafuna n'kudzionera tokha ngati zinalidi zoona kuti Lewis anamubera.

Nkhonyayo inachitika pa 13 March 1999 ku Madison Square Garden, ku New York. Holyfield anali ndi malamba a ukatswiri a mabungwe a nkhonya a WBA ndi IBF, Lewis wa bungwe la WBC, ndipo Holyfield anali atalonjeza kuti agwetsa mnzakeyo mu raundi yachitatu. Raundiyo anaimenyadi bwino, koma Lewis sanagwe, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lake lalitali lija linangokhala pankhope pa Holyfield usiku wonse. Belu lomaliza litalira, pa TV panatuluka manambala: Lewis waponya zibakera 613, zamupeza mnzake 348, Holyfield waponya 385, zolowa 130. Kenako majaji. Stanley Christodoulou wa ku South Africa anapatsa Lewis, 116 kwa 113. Larry O'Connell wa ku Britain anati 115 kwa 115. Eugenia Williams wa ku America anapatsa Holyfield, 115 kwa 113. Mu video show munali phokoso ngati zikuchitika nthawi yomweyo.

Pobwerera kunyumba ndinali nditanyamula kale chigamulo changa. "Atsibweni, majaji atatuwa ndi a chiyani? Makina awerenga kale. 348 ndi 130 ngakhale mwana wa Sitandade 2 adziwa yaikulu. Awachotse anthuwa, aike makina."

"Kuti am'bera, am'beradi," anatero atsibweni. "Koma iwe mphwanga, nkhonya siiwerengedwa ngati anthu ako a kalemberawo. Bwera ndi kope lako mawa."

Mawa lake anandikhazika pansi pa mango uja n'kundiuza kuti ndilembe 1 mpaka 12. Jaji, iwo anati, saweruza nkhonya imodzi. Amaweruza tinkhonya 12, ta mphindi zitatu katatu, ndipo kalikonse kakatha amalemba pa kapepala n'kupereka, sangabwererenso. Wopambana raundi amalandira 10, winayo 9, ndipo akagwetsedwa kawirikawiri amatsikira pa 8. Ndiye tayerekeza wina wamenya mnzake kodetsa nkhawa m'maraundi asanu, koma osamugwetsa, pomwe mnzakeyo wapambana asanu ndi awiri otsalawo mwapang'onopang'ono, chibakera chimodzi kapena ziwiri. Ndinaphatikiza ndekha: 115 kwa 113, wopambana ndi womenyedwa uja, ngakhale zibakera zonse ukaziunjika pamodzi zili kwa winayo. Zibakera za raundi yachiwiri sizisungidwa kuti zikathandize mu raundi yachisanu ndi chinayi. Komanso jaji sayang'ana kuchuluka kokha. Amayang'ana chibakera cholowa bwino, kuthamangitsa mnzako kopindula osati kungomutsata, kudziteteza, ndi amene akulamula kuti nkhonya ichitikire pati ndiponso pa liwiro lanji.

Za makinawo ndinakazipeza m'magazini akale a nkhonya omwe ankayalidwa pansi mumsika, pakati pa mabuku a sukulu ndi ma Baibulo. Dzina lake ndi CompuBox. Anayambitsa ndi Bob Canobbio ndi Logan Hobson mu 1985, ndipo nkhonya yoyamba kuiwerengera pa kanema wa HBO inali yachibwereza ya Livingstone Bramble ndi Ray Mancini. Chomwe chinandidabwitsa n'choti kompyutayo siona kanthu. Pamakhala anthu awiri, aliyense wankhonya wake, aliyense mabatani anayi: jabu yalowa, jabu yaphonya, chibakera champhamvu chalowa, chibakera champhamvu chaphonya. Jabu ndi chibakera chowongoka cha dzanja la kutsogolo, ndipo "champhamvu" ndi chilichonse chimene si jabu, kaya chagwedeza munthu mpaka mawondo, kaya changokhudza. Kompyuta ntchito yake n'kuphatikiza basi. Anthu awiriwo anali anzanga enieni, olowetsa manambala ngati ine, kungoti iwo alibe pepala loti abwerereko, alibenso mnzawo wolowetsanso kachiwiri belu lisanalire. Majaji nawo manambalawo sawaona, ndi a ife oonera.

Ndinakopa mnzanga wina wa kuntchito, mnyamata wa ku Matawale wa dzanja lofulumira kuposa langa, kuti tikayese. Tinapempha mwini video show masana a Lamlungu kulibe anthu, tinamugulira Fanta, n'kukhala kutsogolo aliyense ndi kope lake, tonse tikuwerenga Lewis yekha. Timizere tinayi, kachisanu kopingasa. Raundi itatha tinayerekeza, ndipo tinasiyana. Tinabweza tepi, tinasiyanabe, komanso aliyense anasiyana ndi zomwe anapeza poyamba. Vuto linali pa zibakera zina zomwe zimayamba zagunda golovesi kenako n'kutsetserekera pachipumi, zina zogwera paphewa, ndi za pamene awiriwo agwirana refu ataima kutsogolo kwa kamera. Iye ankati yalowa, ine ndinkati yatchingidwa. Mwini malo anatithamangitsa kuti timuthera tepi ndi kubwezabweza. Koma chinthu chimodzi sichinasinthe m'makope onse awiri: Lewis anali kutsogolo kutalitali. Tikanalakwitsa ndi zibakera khumi uku ndi uku, phompho lija silikanatsekeka.

Kenako ndinapita ndi kope lomwelo kuseri kwa nyumba. Panali anyamata awiri omwe atsibweni ankakonda kuwaphatikiza. Wina anali wamtali, wogulitsa mandasi a mayi ake, manja ake othamanga ngati akupha udzudzu. Winayo anali wamfupi, wonyamula katundu mumsika, wosafulumira. Wamtali uja ankadzaza mzere wanga ndi timizere, pha pha pha pamphumi, pagolovesi, pamphumi. Wamfupi ankangoyenda chamtsogolo chibwano chili pachifuwa, ndipo mzere wake unali pafupifupi wopanda kanthu. Chakumapeto kwa raundi yachiwiri anapinda bondo pang'ono n'kulowetsa lamanzere pansi pa nthiti za kumanja, pomwe pali chiwindi. Phokoso lake linali lochepa. Wamtali anaima kamphindi ngati palibe chachitika, kenako chigongono chinatsika kukaphimba pamalopo, pakamwa yasa, ndipo raundi yotsatira miyendo inakana, ankangotsamira mtengo wa mango. M'kope mwanga chibakera chimenecho chinali kamzere kamodzi, kofanana ndi tina tonse.

Atsibweni anasuzumira m'kopemo. "Waona? Wawerenga matemba ndi mlamba mulu umodzi, ndiye ukuti wa matemba makumi atatu wapha nsomba zambiri."

Anandiuzanso kuti maganizo angawo ena anayesa kale. Ku Olimpiki ya ku Seoul mu 1988, Roy Jones Jr. anamenya Park Si-hun zibakera 86 kwa 32, koma majaji atatu mwa asanu anapereka golide kwa Park, mwana wa pakhomo wa ku South Korea konko. Manyazi ake ndi amene anabweretsa mabatani mu nkhonya za Olimpiki kuyambira ku Barcelona mu 1992: majaji asanu, ndipo pointi inkalowa ngati atatu adina pasanathe sekondi imodzi. Ankhonya si opusa, anaphunzira kumenyera batani. Kugunda kamodzi pamutu poonekera bwino, kuthawa, kubweranso. Zibakera za m'mimba, zomwe majaji atatu saziona nthawi imodzi, zinayamba kusowa. Atsibweni ankadana nazo kwambiri, ankati imeneyo ndi chipako. Sanakhale ndi moyo kuti aone, koma pofika Olimpiki ya ku Rio mu 2016 mabataniwo anali atachotsedwa, abwerera ku 10 ndi 9.

Mu September 1999 kunabwera ina yotikanganitsa. Oscar De La Hoya analowetsa zibakera 263, Félix Trinidad 166, koma De La Hoya, poganiza kuti wapambana kale, anathera maraundi omaliza akuzungulira ring'i osamenya. Majaji awiri anapatsa Trinidad, 115 kwa 113 ndi 115 kwa 114, wachitatu anati 114 kwa 114. Ine mpaka lero ndimati De La Hoya anapambana, ndipo atsibweni anapita kumanda akunena kuti munthu wothawa sapatsidwa lamba. Koma pa nkhonya imeneyi 263 ija sindinaitchule pokangana nawo. Ndinkatsutsana nawo raundi ndi raundi, chifukwa zambiri mwa zibakerazo zinali za kumayambiriro ndi pakati, ndipo zinali zitalipidwa kale ndi ma 10 ake.

Apa ndi pamene ine ndinaima, ndipo sindinasunthepo. Nambala yaikulu ya kumapeto ija, imene anthu amaikonda kuiika pa Facebook, ndi yochepa ntchito. Manambala a raundi iliyonse payokha ndiwo amtengo, ndipo ntchito yawo ndi ya mboni, yoti jaji afunsidwe nayo mafunso. Taonani raundi yachisanu ya Lewis ndi Holyfield. Lewis analowetsa 43, Holyfield 11, ndipo Holyfield anathera nthawi yaitali atatsamira zingwe. Mayi Williams raundi imeneyo anapatsa Holyfield. Pambuyo pake anadzanena kuti pomwe anakhala sankaona bwino. Mwina n'zoona, poti majaji amakhala mbali zitatu zosiyana ndipo msana wa munthu ngati Lewis ndi khoma. Koma popanda 43 ndi 11, nkhaniyo ikanangokhala mawu a uyu ndi mawu a uyo. Pamene owerenga apeza 14 kwa 12, ine ndimatseka pakamwa n'kumvera jaji, chifukwa ndinaona ndekha momwe ziwiri zimasowera m'kope. Pamene apeza 43 kwa 11, jaji ndiye alankhule. Mu 2012 Manny Pacquiao atalowetsa 253 kwa 159 za Timothy Bradley koma n'kuluza, chomwe chinandikhutiritsa kuti pali cholakwika sichinali 253, chinali choti anali patsogolo pafupifupi m'maraundi onse.

Atsibweni mfundo ya mboniyi sanaikane, ngakhale sanavomere poyera. Umboni wake ndi woti anayamba kundiitana ndi kope langa anyamata awo akamayeserera. Sankafuna kudziwa wapambana ndani, zimenezo ankaona okha. Ankafuna ndiwauze kuti wamfupi uja waponya majabu angati mu raundi yoyamba ndi angati mu yachitatu, ndipo nambala ikatsika ankamuonetsa tsambalo: "Ukuti sunatope? Nanga dzanjali lapita kuti?" Mnyamata angatsutse mphunzitsi wake, koma timizere take tomwe sankatitsutsa. Nkhonya zonse za m'maholo zomwe ndaonera kuno kwathu sindinaonepo munthu atakhala pambali pa ring'i kuwerenga, ndipo mlendo akadandaula kuti am'bera amangonyamula chikwama chake n'kukakwera basi.

Tepi ya chibwereza cha Lewis ndi Holyfield inafika Khirisimasi itayandikira. Anamenyana pa 13 November 1999 ku Las Vegas, ndipo ulendo uno Holyfield anamenya bwino kwambiri kuposa poyamba. Manambala anayandikana, Lewis 195, Holyfield 137, maraundi angapo anali ovuta kugamula, ndipo yachisanu ndi chiwiri anasinthana zibakera mpaka mabenchi anagwa. Majaji onse atatu anapatsa Lewis: 115 kwa 113, 116 kwa 112, ndi 117 kwa 111. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. "Iyi ndiye ikanatha kukhala yolepherana," anatero. "Angomubwezera ngongole ya mu March."

Makatoni a mafomu nawo anali akutha, ndipo ife a ganyu tinauzidwa kuti chaka chatsopano aliyense aone kolowera. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza momwe ndinapezekera ku Liwonde ndikuwerenga matumba a chimanga pa sikelo ya mwenye wina, ndi chifukwa chake atsibweni sanafune kuti ndipite.