Tchanelo chachinsinsi cha a Nyalugwe

Ndisanabwere kuno ku America ndinakhalapo miyezi 8 pa kabenchi ka mkulu wina wokonza mawailesi mumsika wa Ndirande. Ntchito yanga inali kukupiza mbaula yotenthetsera chitsulo chowotcherera, kusesa, ndi kukagula zitumbuwa. Mkati mwa wailesi ndinaloledwa kupisamo dzanja kawiri kokha, ndipo kachiwiriko ndi kamene kanandithetsera ntchito. Koma mukandimva ndikusimba pamacheza kuno ku South Bend, mungaganize kuti MBC yonse ndinailumikiza ndine.

Masiku ano ndimayendetsa thiraki mumsewu wa I-80, ndipo madalaivala ambiri tikadali ndi wailesi ya CB m'galimoto. Ndi kawailesi kolankhulirana, kosafuna laisensi, ka matchanelo 40 kuyambira pa 26.965 mpaka 27.405 MHz, mphamvu yake mawati 4. Kale anali 23, anawonjezera mu 1977. Tchanelo 9 ndi cha ngozi, ndipo 19 ndiye bwalo la madalaivala, kumene umamva za apolisi, za chipale chofewa pamsewu, ndi kutukwanizana kwa anthu amene sanaonanepo chibadwire.

Amene anandilowetsa m'mavuto ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga, omwenso ndi dalaivala. Tsiku lina anafika akuyenda ngati agula ndege. Akuti anasiya wailesi yawo kwa wokonza wina pa malo oimapo mathiraki ndipo anawaikira matchanelo a kumtunda, opitirira 40 aja. “Alamu, kumtundako kuli zii. Tikhoza kumacheza awiriwiri, popanda wotimva.”

Pano ndikuona kuti funso loyenera linali lakuti: anthu awiri olankhula Chichewa pakati pa Indiana, chinsinsi china tinkachifuniranji? Koma tsiku limenelo chimene chinandiwawa ndi chakuti alamu analipira munthu wina ntchito imene ine, katswiri wa ku Ndirande, ndikanaigwira ndi maso otsinzina.

Ndinakagula CB yakale ya mtundu wa Cobra kwa bambo wina wopuma ntchito. Ndinapereka madola 180. Kunyumba ndinanena kuti 25.

Ndinafuna yakale dala, ndipo apa pokha ndiye ndinaganiza bwino. Kachitsulo kosinthira tchanelo pa CB sikafanana ndi ka wailesi ya agogo kamene umapotokola mpaka mawu amveke. Iko kamangotumiza nambala ku kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri kotchedwa PLL. Mwendo uliwonse uli ndi mtengo wake, 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, ndipo umawerengedwa kapena ayi malinga ndi kuti ukulandira magetsi kapena sukulandira. PLL imaphatikiza mitengoyo, ndipo nambala ikakwera ndi 1 wailesi imasuntha ndi 10 kHz. Miyendoyo ingatulutse manambala oposa 100, koma opanga anangotsegula 40. Ndiye amene amawonjezera matchanelo amangobera mwendo umodzi, kuuikira swichi yawoyawo. Ukasintha mwendo wa 64, wasamutsa wailesi yonse ndi 640 kHz, ndiye kuti 0.640 MHz. M'mawailesi atsopano anatseka khomo limeneli, manambala 40 aja anawakhomera mkati mwa kachipangizoko moti miyendo yakunja ilibenso chonena. Ndipo musati sindinkadziwa kuti bungwe la FCC, loyang'anira za mawailesi kuno ku America, limaletsa kusintha CB motere. Ndinkadziwa. Ndinangoganiza kuti lamulo silingafike m'galaja mwanga kukuzizira chonchi.

Linali Loweruka la mu February. M'nyumba munadzaza amayi a kutchalitchi, anabwera kudzaphunzira nyimbo za Lamulungu, ndipo anabwera ndi kiyibodi, ampulifaya yakale ndi masipika awiri a mawaya aatali ngati chingwe choyanikira zovala. Pakati pawo panali apongozi anga, amene anabwera mu November kudzatithandiza mwana atabadwa. Ine ndinapereka moni mogwira m'chigongono, n'kuzembera kugalaja.

Nditatsegula wailesi ndinapeza kuti zinthu zachepa kuyerekeza ndi mmene ndinkazikumbukira. Miyendo ya PLL inali yothithikana ngati mano a chipeso. Ndinadula kanjira ka kopa ndi lezala, ndinawotcherera timawaya tiwiri, dontho la mtovu n'kugwera pamene silinaitanidwe, ndinalipala, linagweranso. Chala chinapsa kawiri. Swichi ndinachotsa pa nyale yakale ya pabedi.

Nditayatsa, kumunsi kunali bwino, azungu akutukwanizana pa 19 monga mwa nthawi zonse. Nditakhethemula swichi yanga, zii, ngakhale kaphokoso. Apa ndinakumbukira kuti pali kakoyilo kamene kamayenera kusinthidwa kuti wailesi ithe kufika kumtundako, apo ayi PLL imalephera kugwira. Kali ndi kamtima kakuda kofewa ngati khala, kamene amapotokola ndi kapulasitiki. Ine ndinalowetsa sikuludiraiva yachitsulo. Kanalira kuti “tswa”, kachidutswa n'kugwa, koma wailesi inayamba kupuma. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Ndinapotokola mpaka pa 40 kuti ndione malire a ufumu wanga. Kunamveka “tii ti ti tii, ti tii”. Mtima unangoti myuu, ndinati ndapha kachipangizo. Kenako ndinawerengetsa pa katoni: 27.405 kuphatikiza 0.640 ndi 28.045. Ndinali nditalowa m'munda mwa eni, anthu a wailesi za ham amene anachita kulemba mayeso kuti apeze laisensi, omwe gawo lawo limayambira pa 28.000, ndipo ankatumizirana mauthenga a Morse. Ndinabwerera chamsangamsanga ngati munthu amene watsegula bafa muli munthu.

Eriyo inali ija ya maginito yoika padenga la galimoto. Panja chipale chinali chofika m'mawondo, ndiye ndinangoimata pamwamba pa filiza ya m'galaja, kukhoma. Kuseri kwa khoma limenelo ndi kubalaza. Za mita yoyezera SWR, imene imakuuza ngati eriyo ikugwirizana ndi wailesi kapena mphamvu ikubwerera kudzawotcha zamkati, ndinati n'za anthu amantha.

Ndinaimbira alamu pafoni. “Khalani pa 19 ya kumtunda, ndikubwera.” Ndinadula foni, n'kugwira maiki.

“Kalulu, Kalulu, kuno ndi Nyalugwe, mukundimva?”

Zii.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti wailesi ya alamu anaikonza mwa njira ina, ija imene imalumpha ndi 450 kHz. Nambala yowala pa wailesi siidziwa kuti mwaibera, imangoonetsabe 19. Choncho tonse tinali pa 19, iwo pa 27.635, ine pa 27.825, aliyense akukuwa m'chitsime chake.

Ine ndinaganiza kuti alamu akundimva koma maiki yawo ndiye yavuta. Ndipo munthu ukakhala pa tchanelo chachinsinsi chimene wapanga ndi manja ako, pakamwa pamayabwa.

“Kalulu, ngati mukundimva ingomverani. Ntchito yatheka. Wailesi iyi ndinagula 180, koma mayi a kunyumba akudziwa 25, ndiye musakalakwitse pakamwa. Ndalamayo ndinatapa mu envelopu ija ya matikiti a ku Malawi, ndibweza mwezi wamawa.”

M'nyumba nyimbo inali itasiya. Ndinati mwina akumwa tiyi.

“Komanso alamu, ndikuuzeni, kuno tikupsa. Apongozi akumaika hita pa madigiri 80 a Fahrenheit usana ndi usiku, kenako n'kufunda mabulangete atatu. Bilu ya gasi ikubwera ngati lendi. Anati akhala miyezi itatu, koma dzulo ndawamva akufunsa kuti chimanga kuno amadzala mwezi wanji. Ndiye nsima yawo, alamu, mtanda umodzi ukhoza kuponderera thiraki pamtsetse.”

Ndinaseka ndekha, chala chili pa batani la maiki. Ndinaimbako ndi kanyimbo pang'ono, kutsanzira mayi wina wa soprano amene mawu ake amatha asanafike pamwamba.

Chitseko cha kugalaja chinatseguka pang'onopang'ono. Anali mwana wanga wamkulu, wa zaka 7, maso ali tong'o.

“Adadi, mukumveka mu sipika.”

“Sipika iti?”

“Zonse ziwiri.”

Waya wautali wa sipika ukakhala pafupi ndi eriyo umasanduka eriyo nawonso. Umatola mphamvu ija n'kuilowetsa mu ampulifaya, ndipo ampulifaya yakale siifunsa kuti uli pa tchanelo chanji, imangotulutsa mawu. Izi mkulu wa ku Ndirande uja anandiuzapo, tsiku limene ndinkaganiza za zitumbuwa. M'dera lonselo, anthu okhawo amene akanatha kumva Chichewa changa anali 11, ndipo onse anali atakhala kuseri kwa filiza.

Ndili chiimire choncho ndinamva fungo ngati la pulasitiki pamoto. Kautsi kopyapyala kanatuluka kumbuyo kwa Cobra. Thiranzisita yomaliza, imene imakankha mawu kupita ku eriyo, inali itatopa ndi mphamvu yobwerera ija pa ulaliki wanga wonse. Inafa mochedwa ndi mphindi zisanu zokha.

Ndinalowa m'nyumba chifukwa kugalaja sungagoneko mu February. Amayi onse anali atayang'ana m'mabuku a nyimbo, ena buku lili chadodolido. Wa soprano uja anali akuvala jekete. Mayi a kunyumba sanakweze mawu, anangoti, “Abambo, envelopu ija ndiione,” ndipo ndinalakalaka akanangokuwa.

Foni inalira. Alamu. “Alamu, ndadikira mpaka ndatopa, simunayambe kulankhula?”

Apongozi sananene kanthu tsiku limenelo, kapena lotsatira. Ndinkadutsa chammbali ngati nkhanu. Lolemba madzulo ndikuchokera ku ntchito ndinapeza hita ili pa 62, iwo atakhala pampando atavala zipewa ziwiri, mwana ali kumsana. Patebulo panali mbale yanga yovundikira bwino. Nditavundukula ndinapeza kamtanda kamodzi kangati dzira la nkhunda.

Anatembenukira kwa mwana wawo, poti ine sangandiyang'ane m'maso, n'kunena mofatsa kuti, “Auzeni a Nyalugwe adye msanga isanazizire. Ikachepa anene, wailesi ali nayo.”